Sidney Crosby: mutu uja unamudyera zaka zingati, nanga bwanji sasuntha pa 8.7 miliyoni?

Kanyimbi87
Akuluakulu, ndili ndi funso ndipo musandiseke. Akamatchula akatswiri a hockey ya pa ayezi a ku Canada, dzina la Sidney Crosby silisowa. Koma tikayang'ana pa pepala, mphotho ya Hart, ya wosewera wofunika kwambiri mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku America ndi Canada, anaitenga kawiri basi, 2007 ndi 2014. Art Ross, ya wochulutsa mapointi, kawirinso, zaka zomwezo. Katswiri wakale Wayne Gretzky ali ndi Hart 9 ndi Art Ross 10. Connor McDavid, mwana wa dzana uyu, anamupitirira kale pa zonse ziwiri. Ndiye phokoso lonseli n'lachani? China chondizunguza mutu: munthu wa mbiri yotere akulandirabe madola 8.7 miliyoni pa chaka ku timu yake ya Pittsburgh Penguins kuchokera mu 2008. Alibe womulankhulira kapena?

MdalaWaZigoli
Achimwene, yambani mwawerenga magemu musanawerenge mphotho. Sizoni ya 2010-11 anasewera magemu 41 mwa 82 chifukwa chovulala m'mutu, zigoli 32, mapointi 66. Yotsatira, magemu 22, mapointi 37. Ya 2012-13 inafupikitsidwa kufika magemu 48 chifukwa cha mkangano wa eni matimu ndi osewera, iye anasewerapo 36, mapointi 56. Phatikizani: magemu 99 mwa 212, mapointi 159, kutanthauza 1.6 pa gemu. Anali ndi zaka 23, 24 ndi 25, msinkhu umene womwetsa zigoli amakhala ali pa moto weniweni. Mu 2011 Daniel Sedin anatenga Art Ross ndi 104, pamene liwiro la Crosby linkaloza ku 132. Mu 2013 Martin St. Louis anaitenga ndi 60, kuposa ndi mapointi 4 okha munthu amene anagona pansi mwezi wathunthu.

Chimbalangondo
Za "akanati" sizilowa m'buku, madala. Mario Lemieux anadwala khansa mu sizoni ya 1992-93, anasewera magemu 60 okha, koma anatengabe Art Ross ndi mapointi 160. Ali nazo 6 ngakhale msana unkamuzunza zaka zambiri za masewera. Ameneyo bwanji sitimupepesera?

MdalaWaZigoli
Lemieux ndi Lemieux, palibe akutsutsa. Koma onaninso nyengo. M'zaka za m'ma 1980 gemu imodzi inkabala zigoli pafupifupi 8 matimu onse awiri kuphatikiza. M'zaka zambiri za Crosby zinali pakati pa 5 ndi 6. Mu 2015 Jamie Benn anatenga Art Ross ndi mapointi 87 okha. Gretzky anafika 215 mu 1985-86. Simungayeze nthawi ziwirizi ndi lichero limodzi.

Nangondo_22
Pepani, ine ndangoyamba kumene kutsatira. Mapointi mukunenawa ndi a timu ngati ku mpira wa miyendo?

GoloboyiWakale
Ayi achemwali, awa ndi a munthu payekha. Chigoli ndi pointi imodzi, asisiti ndi pointi imodzi, ndipo pa chigoli chimodzi anthu awiri omaliza kupatsira puck (kalabala kaphwatalala kamene amamenya m'malo mwa mpira) asanamwetse amalandira asisiti. Gemu ili ndi zigawo zitatu za mphindi 20. Pa ayezi pamakhala anthu 5 ndi goloboyi mbali iliyonse, koma amasinthana gemu ili mkati, masekondi 45 kapena kupitirira pang'ono munthu watuluka, chifukwa miyendo siingapirire kuposa apo pa liwiro limenelo. Ndiye katswiri ngati Crosby amasewera mphindi 20 kapena 21 mwa 60. Malo ake ndi pakati pa atatu akutsogolo.

Nachisale_RN
Nkhani ya mutu ija tiilongosole bwino, chifukwa anthu amangoti "anavulala" ngati zinachitika kamodzi. Zinachitika kawiri m'masiku asanu, ndipo vuto lagona pamenepo.

Pa 1 Januwale 2011, gemu ya panja ya Winter Classic ku Heinz Field, Pittsburgh ndi Washington. Chakumapeto kwa chigawo chachiwiri Crosby anatembenuka akutsata puck ndi maso, David Steckel akudutsa, phewa lake linamupeza kumutu mbali imene sankaona. Anagwa, anadzuka mochedwa atawerama, koma anabwerera kudzasewera chigawo chachitatu. Oyimbira sanapereke chilango. Pa 5 Januwale, akusewera ndi Tampa Bay, Victor Hedman anamukankha cha kumbuyo, nkhope kukamenya galasi la m'mphepete. Hedman anakhala panja mphindi ziwiri. Crosby anamalizanso gemuyo. Mawa lake timu ili ku Montreal anamubweza kunyumba, ndipo chilengezo choyamba chinati ndi zazing'ono, mwina sabata imodzi. Anadzaseweranso pa 21 Novembala.

Ubongo ukagwedezeka, sikani wamba sionetsa kanthu, chifukwa palibe fupa lothyoka kapena magazi otayika. Chimene chasokonekera ndi kagwiridwe ntchito ka maselo, ndipo zizindikiro nthawi zina zimadza patapita maola kapena tsiku: mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kuwala kukhala kowawa m'maso, kuchedwa kuganiza. M'masiku amenewo ubongo umakhala wosatetezeka, nkhonya yachiwiri ngakhale yocheperapo imawononga kuposa yoyamba. Kwa Crosby chimene chinakhudzidwa kwambiri ndi mbali imene imagwirizanitsa maso, khutu la mkati ndi kuima molunjika kwa thupi. Wa mu ofesi akhoza kupirira nazo. Koma munthu amene ntchito yake ndi kuzungulira pa mpeni wa pansi pa nsapato ya pa ayezi (skate) akutsata anthu 9 ndi ka puck kothamanga, pamenepo ndiye pachimake penipeni pa luso lake.

Chimbalangondo
Ndiye mlandu ndi wa madokotala a timu. Anamulola bwanji kusewera pa 5?

Nachisale_RN
Musathamange, bambo. Chimene anadandaula atachoka ku Winter Classic ndi khosi, osati mutu. Ndipo nthawi imeneyo wosewera ankangofunsidwa mafunso ali pa benchi, phokoso la anthu lili tiii. Lamulo loti atengeredwe kuchipinda chachete akaonedwe ndi dokotala linabwera mu Malichi 2011, zitachitika kale izi. Anthu olembedwa ntchito yongoyang'anira zizindikiro anabwera mu 2015, n'kudzapatsidwa mphamvu yolamula kuti wosewera atuluke mu 2016. Masiku ano munthu wodzuka mochedwa mmene anadzukira Crosby pa 1 Januwale paja akanamutulutsa akayezedwe, afune asafune.

Chimbalangondo
Lamulo kusakhalapo sikuti maso analibe. Dziko lonse linaona pa TV mmene anadzukira.

Mlonda_Usiku
Apa Achimbalangondo akunena zoona pang'ono. Koma onjezanipo wosewera mwini. Munthu ali ndi magemu 25 otsatizana akupeza pointi, mndandanda umene unali utangoduka kumapeto kwa Disembala, akutsogola ligi yonse. Woteroyo ukamufunsa kuti ukumva bwanji amati ndili bwino. N'chifukwa chake sasiyiranso wosewera kuti adziweruze yekha.

Nachisale_RN
Eya. Ndipo kubwerera kuli ndi masitepe ake. Kupuma kaye tsiku limodzi kapena awiri. Kenako njinga yopalasa pamalo amodzi, pang'onopang'ono. Kenako kuyenda pa ayezi ali yekha. Kenako zokonzekera pamodzi ndi timu atavala jezi kapena chipewa cha mtundu wina kuti anzake adziwe kuti uyu osamugunda. Kenako dokotala alole kugundana. Pomaliza gemu. Sitepe iliyonse maola 24 kapena kuposa, ndipo mutu ukangoyambiranso amabwerera m'mbuyo. Zotsatira zake amaziyerekeza ndi mayeso a kukumbukira ndi kufulumira kwa maganizo amene aliyense amalemba sizoni isanayambe ali bwinobwino. Crosby anayamba kuyenda pa ayezi mu Malichi 2011, atawonjezera mphamvu zizindikiro zinabwerera. Analoledwa kugundana mu Okutobala. Pa 21 Novembala anamwetsa ziwiri ndi asisiti ziwiri pokumana ndi New York Islanders, anthu n'kumati zatha. Magemu 8 okha, pa 5 Disembala ndi Boston anagundidwanso, n'kukhalanso pansi mpaka pa 15 Malichi 2012. Mu Januwale 2012 ndi pamene akatswiri anapeza kuti kumtunda kwa khosi, pafupi ndi mafupa awiri oyambirira, minofu inali yovulala. Khosi lovulala limabweretsa mutu ndi chizungulire zofanana ndendende ndi za ubongo. Ndiye n'zotheka kuti mbali ina ya miyezi ija ankachiza chinthu chimodzi pamene zinalipo ziwiri.

Nangondo_22
Nanga ya 2013 ija inalinso mutu?

MdalaWaZigoli
Chibwano. Pa 30 Malichi 2013 mnzake wa timu yomweyo, Brooks Orpik, anaombera puck, inakhudza ndodo ya wina n'kukwera kukamupeza pakamwa. Puck ndi labala wolimba wa magalamu pafupifupi 170, ndipo amaisunga mu firiji gemu isanayambe kuti isamadumphe. Ganizani mwala. Nsagwada inathyoka, mano kugululuka, anamuika tizitsulo. Anabwerera mu ndime ya chipulula atavala chotchinga chibwano. Mu Disembala 2014 anadwalanso matsagwidi, tsaya litatupa ngati waika bonzi m'kamwa. Munthu uyu thupi lake laona zambiri.

Chimbalangondo
Musaiwale kunena kuti chaka chomwecho cha 2013 Boston inawakwapula magemu 4 kwa 0, Crosby osapeza ngakhale pointi imodzi, timu yonse zigoli ziwiri zokha. Pamenepo mutu unali bwinobwino.

MdalaWaZigoli
Zoona, ndipo katswiri mnzake wa timu yomweyo, Evgeni Malkin, nayenso sanapeze kanthu. Goloboyi Tuukka Rask ndi Patrice Bergeron a Boston anawatsekera khomo. Sindikuti munthuyu ndi mngelo.

Tsabola_Wakali
Ine funso langa ndi la nthawi. Amene muli ku Lilongwe ndi Blantyre mumaonera bwanji? Magemu amenewa amayamba anthu atagona.

Mlonda_Usiku
Ya 7 koloko madzulo ku Pittsburgh ndi 2 koloko usiku ku Malawi ndi Zambia kuyambira Novembala mpaka Malichi. Akasintha mawotchi awo kumeneko imakhala 1 koloko. Za ku Vancouver kapena Los Angeles wonjezerani maola atatu. Zopepuka ndi za Loweruka ndi Lamlungu masana, zija za 1 koloko kwawoko, kuno zimagwa 7 kapena 8 madzulo. Gemu ya mphindi 60 imadya maola awiri ndi theka.

Kanyimbi87
Tabwererani ku ndalama kuja, sindinayankhidwe.

Kaundula
Bwana Kanyimbi, choyamba tikonze mawu. 8.7 miliyoni si ndalama imene imalowa m'thumba chaka chilichonse, ndi avereji imene imawerengedwa pa cap, denga la malipiro a timu yonse. Makontrakiti ake ndi anayi. Yoyamba, ya mwana wongolowa kumene, zaka zitatu, malipiro okhazikika osapitirira madola 850,000, mabonasi a kasewedwe n'kubwera pamwamba pake, malamulo salola kuposa apo. Yachiwiri anasaina mu Julayi 2007, zaka 5, madola 43.5 miliyoni. Yachitatu mu Juni 2012, zaka 12, madola 104.4 miliyoni. Yachinayi mu Sepitembala 2024, zaka ziwiri, 17.4 miliyoni. Gawani zitatu zomalizazi, iliyonse ikupatsani 8.7. Anabadwa pa 7 Ogasiti 1987, kulemba kwa kumeneko ndi 8/7/87, jezi yake ndi 87. Munthuyu ndi wamiyambo, sasintha zinthu wamba.

Ya zaka 12 ija inali yolemera kutsogolo: 12 miliyoni pa chaka zaka zitatu zoyamba, 3 miliyoni zaka zitatu zomaliza. Ndipo kumbukirani tsiku limene anasaina. Juni 2012, atasewera magemu 63 okha m'masizoni awiri, palibe ankadziwa ngati mutu upirire. Makontrakiti a NHL ndalama zake n'zotsimikizika ngakhale uvulale. Ndiye iye anagula mtendere wa zaka 12, timu inagula mtengo wotsika. Miyezi ingapo pambuyo pake mgwirizano watsopano wa 2013 unaletsa makontrakiti otalika chotere, malire kukhala zaka 8 ukamasaina ndi timu yako ndi 7 ukamapita kwina. Womulankhulira, Pat Brisson, sanali m'tulo.

Kanyimbi87
Koma anataya ndalama, eti?

Kaundula
Anasiya pa tebulo, inde. Lamulo limati munthu mmodzi asapitirire 20 peresenti ya denga. Mu 2007 denga linali 50.3 miliyoni, ndiye akanatha kupempha 10 miliyoni ndi kakusefukira. Mu 2008-09 denga linali 56.7, iye ankadya 15 peresenti. Mu 2024-25 linafika 88 miliyoni, gawo lake kutsika kufika pansi pa 10 peresenti, pamene McDavid anali pa madola 12.5 miliyoni ndipo Leon Draisaitl atasainira 14 miliyoni. Phindu lake lili apa: mu NHL sungagule chikho ngati mmene amachitira matimu olemera a mpira ku Ulaya, denga ndi limodzi kwa onse. Miliyoni iliyonse imene kaputeni wasiya imalipira munthu wina. Ndi mmene anakwanitsira kusunga Evgeni Malkin ndi Kris Letang, n'kudzawonjezera Phil Kessel mu 2015. Ngakhale choncho denga linawaluma: Jordan Staal anapita ku Carolina mu 2012, Marc-André Fleury ku Vegas mu 2017.

Chimbalangondo
Kutchula Kessel mwachita bwino. Conn Smythe ya 2016, ya wosewera bwino mu chipulula, inayenera kupita kwa Kessel. Mapointi 22, Crosby 19. Anapatsa Crosby chifukwa cha dzina. Mu 2017 Malkin 28, Crosby 27, anapatsanso Crosby. Mu 2009 mokha ndi mmene chilungamo chinaoneka, Malkin 36, Crosby 31, mphotho kwa Malkin.

GoloboyiWakale
Ya 2016 mkangano ulipodi, mavoti anali pafupi. Koma funsani kuti Kessel ankakumana ndi ndani. Kochi wa timu inayo amatumiza madifenda ake awiri abwino kwambiri kwa Crosby, awiri otsatira kwa Malkin. Mzere wa Kessel, Nick Bonino ndi Carl Hagelin unkatsalira otopa. Ndiye onaninso gemu yachiwiri ya fainolo ndi San Jose, nthawi yowonjezera. Faceoff kumanzere, m'dera la San Jose. Asanaponye puck, Crosby anauza Letang kuti akailandira asaombere, ayang'ane Conor Sheary, ndipo anasuntha Sheary kumuika cha kukhoma kuti akhotere pakati. Anapambana faceoff kwa Joel Ward, puck kwa Letang, Letang kwa Sheary, chigoli, 2-1. Pa pepala Crosby ali ndi asisiti yachiwiri basi. Logan Couture atatuluka anati Crosby amabera pa faceoff.

Tsabola_Wakali
Amaberadi?

GoloboyiWakale
Aliyense wodziwa amabera, nkhani ndi kusagwidwa. Faceoff imayenda chonchi: awiri ayang'anizana, mapazi m'mizere yojambulidwa, ndodo pansi. Kuyambira 2015, m'madera a kumagolo amene akuteteza ndiye amayamba kuika ndodo pansi, woukira amaika pambuyo, ndiye amaona kaye mmene mnzake waimira. Suyang'ana puck ikafika pansi, umayang'ana dzanja la woponya. Ukafulumira kwambiri amakuthamangitsa, n'kubwera mnzako wa m'mbali amene sanazolowere. Crosby amagwira ndodo chakumanzere, choncho mbali yake yamphamvu ndi ya kumanzere, kumene amakokera puck m'mbuyo ndi kuseri kwa ndodo. Chofunika kudziwa n'choti sanabadwe nazo. Chaka choyamba ankapambana pafupifupi 45 pa 100. Pofika 2009-10 anali atadutsa 55.

MdalaWaZigoli
Apa ndiye mwafika pa yankho la funso la Kanyimbi. Chimene anthu a masewerawa amamulemekezera si mphotho, ndi mmene ankatsekera chibowo chimodzichimodzi. Ankanenedwa kuti amangopatsira, samwetsa: zigoli 39, 36, 24, 33. Chilimwe cha 2009 anasiya ndodo ya kamutu ka thabwa n'kutenga ya kaboni yathunthu, anayamba kuombera msanga osafuna kupatsira nthawi zonse, sizoni yotsatira zigoli 51, kugawana mphotho ya Rocket Richard, ya womwetsa zigoli zambiri, ndi Steven Stamkos. Mu 2016-17 anaitenganso ndi 44, zambiri mwa izo ali pakhomo pa golo, kukhotetsa puck ya mnzake kapena kuimenya ili m'mwamba. Chaka choyamba anakhala panja mphindi 110 za chilango, ambiri akumutcha wolira chifukwa chokangana ndi oyimbira. Zimenezonso anazichepetsa.

Kamutu ka ndodo yake n'kowongoka kwambiri poyerekeza ndi ena. Lamulo limalola kupinda mpaka magawo atatu mwa anayi a inchi. Kopinda kwambiri kamathandiza kukweza puck ukamaombera chakutsogolo, koma kuseri kwake puck imaterereka. Iye anasankha kowongoka kuti mbali zonse ziwiri zigwire ntchito, n'chifukwa chake goloboyi sadziwa kuti ichokera kuti.

Nangondo_22
Koma si wamtali ayi. Samugwetsa bwanji?

Mpeni_Wakuthwa
Masentimita 180, makilo 91 kapena pamenepo, ndipo kulemera kwambiri kuli m'ntchafu ndi m'chiuno. Akafika kuseri kwa golo amatembenuzira difenda msana, miyendo atatangadza, mawondo atapinda, puck ili kutali kutsogolo. Difenda akakankha kumanzere iye amazungulira kumanja pogwiritsa ntchito mphamvu ya mnzakeyo. Palinso kaimidwe kaja kotsegula mapazi, zidendene kuyang'anizana, zala kuloza uku ndi uku, kamene kamamulola kuyenda chammbali nkhope ili ku golo.

Zonsezi zimadalira kunola. Mpeni wa pansi pa skate si wakuthwa kumodzi ngati wa kukhitchini. Ndi wa mamilimita pafupifupi 3 m'lifupi, pakati pake ndi pokumbika, ndiye uli ndi milomo iwiri, wamkati ndi wakunja. Kukumba kofala ndi kwa theka la inchi. Ukakumba mozama umaluma ayezi bwino pokhota koma umachedwa ndipo miyendo imatopa msanga. Mosazama umathamanga koma umaterereka pokhota mwadzidzidzi. Wolemera thupi safuna mozama, kulemera kwakeko kumaluma kale. Cholakwika chofala ndi wonola kusalunjika pakati, mlomo umodzi kutalika kuposa unzake: munthu amakhota bwino mbali imodzi, inayo n'kumagwa, iye n'kumaganiza kuti vuto ndi mwendo. Ikani kandalama kachitsulo pa mpeni skate itagadama, kakapendekeka dziwani kuti anola mokhota. Ndipo osaponda simenti, sitepe imodzi mlomo watha.

Tsabola_Wakali
Tayamba sukulu ya osula tsopano.

Kanyimbi87
Asiyeni, ine ndaphunzirapo. Koma Pittsburgh inamupeza bwanji? Ku mpira wathu mwana wotere akanapita ku timu ya ndalama.

Kaundula
Mayere. Njira yake inali iyi. Anakulira ku Cole Harbour, Nova Scotia. Bambo ake, Troy, anali goloboyi, Montreal inawasankha mu draft ya 1984, mwambo umene matimu amasankhira osewera achinyamata, koma sanasewere mu NHL. Ali ndi zaka 15 anapita ku sukulu ya Shattuck-St. Mary's ku Minnesota chaka chimodzi. Mu 2003 timu ya Rimouski Océanic inamusankha woyamba mu ligi ya achinyamata ya ku Quebec. Maligi amenewa ku Canada alipo atatu, a zaka 16 mpaka 20, anyamata amakhala m'makomo mwa mabanja owalandira, ndipo ku Rimouski anthu amalankhula Chifalansa, anachiphunzira komweko. Mapointi 135 chaka choyamba, 168 chachiwiri, anagonja mu fainolo ya Memorial Cup ya 2005 kwa London Knights.

Draft ya NHL umalowa ukakwanitsa zaka 18 pofika pa 15 Sepitembala, ndipo nthawi zonse timu zochita moipa ndi zimene zimakhala ndi mwayi woyamba kusankha. Koma sizoni ya 2004-05 sinaseweredwe n'komwe chifukwa cha mkangano wa malipiro, ndiye panalibe tebulo. Anaika timipira 48 m'makina, matimu onse 30 alimo. Pittsburgh, Buffalo, Columbus ndi New York Rangers anali ndi titatu aliyense, ena tiwiri, ena kamodzi, malinga ndi mmene anachitira zaka zapitazo. Mwayi wa Pittsburgh unali 3 pa 48, kungodutsa pang'ono 6 peresenti. Kanatuluka kawo. Timu imeneyo inali pa mavuto a ndalama, bwalo lokalamba, mphekesera zosamuka mumzinda. Lemieux anali mwini wake komanso wosewera, ndipo mnyamatayu anakhala m'nyumba mwake zaka zingapo zoyamba.

MdalaWaZigoli
Chaka choyamba mapointi 102, koma Calder ya wongolowa kumene inapita kwa Alex Ovechkin, zigoli 52, mapointi 106. Chachiwiri 120 ali ndi zaka 19. Ukaputeni pa 31 Meyi 2007. Fainolo ya Stanley Cup, chikho cha NHL, ya 2008 kugonja kwa Detroit, 2009 kubwezera ku Detroit komweko gemu yachisanu ndi chiwiri, 2-1. Kuti Achimbalangondo asavutike ndinene ndekha: zigoli zonse ziwiri anamwetsa Max Talbot, Crosby anavulala bondo m'chigawo chachiwiri n'kuonera pafupifupi yotsala yonse ali pa benchi.

Chimbalangondo
Mwandilanda mawu m'kamwa.

Namondwe
Mwakamba zonse koma mwasiya chimene munthu wamba wa ku Canada amamudziwira. 28 Febuluwale 2010, Vancouver, fainolo ya Olympics ndi America. Canada ikutsogola 2-1, Zach Parise anabweza kutatsala masekondi 24. Nthawi yowonjezera, anayi anayi. Crosby analowa ndi puck kufuna kudutsa pakati pa madifenda, anamutsekera, puck kupita kukona ya kumanzere. Anaitsatira, inakodwa pa skate ya woyimbira, iye n'kuikankhira kwa Jarome Iginla n'kuthamangira ku golo akukuwa "Iggy!". Iginla, Ryan Suter ali pamsana pake, anapatsira akugwa. Goloboyi wa America, Ryan Miller, anali akukonzeka kuitokosa ndi ndodo poganiza kuti Crosby aikokera kaye, koma iye anaombera pomwepo, pansi, pakati pa miyendo. Mphindi 7 ndi masekondi 40. Mpikisano wonsewo sanawale kwenikweni, magemu awiri a m'mbuyo analibe pointi. Iginla uja, mwa njira, bambo ake ndi ochokera ku Nigeria.

Onjezani golide wa Sochi 2014 ali kaputeni, chikho cha dziko lonse ku Prague mu 2015, World Cup ya 2016 ku Toronto, ndi 4 Nations ya Febuluwale 2025.

Kanyimbi87
Chabwino, ndamva. Koma timu sinalowe chipulula mu 2023, 2024 ndi 2025, ndipo kuchokera 2019 mpaka pamenepo sinapambane ndime ngakhale imodzi. Kutsitsa mtengo kuja kunathandiza chiyani m'zaka zimenezo?

Kaundula
Pang'ono kwambiri. Timu yofuna chikho chaka chilichonse imagulitsa malo ake a mu draft kuti ipeze okhwima a lero. Pittsburgh inachita zimenezo zaka zoposa khumi, ndiye pamene akuluakulu anakalamba kumbuyo kunalibe ana. Ngongoleyo imabwezedwa basi. Iye payekha sanatsike: chigoli cha 500 mu Febuluwale 2022, cha 600 mu Novembala 2024, ndipo mu Malichi 2025 anakwanitsa sizoni ya nambala 20 ya pointi imodzi kapena kuposa pa gemu, kudutsa 19 za Gretzky. Zoti amugulitse ku Montreal kapena ku Colorado kwa mnzake wa ku Cole Harbour, Nathan MacKinnon, ndi zokamba za mafani. Kontrakiti ili ndi ndime yoti sasuntha popanda iye kuvomera.

Chimbalangondo
Pa 20 ija ndavula chipewa. Koma pamwamba pa Lemieux ndi Bobby Orr sindimuika, ndipo Conn Smythe ya Kessel ndikuifunabe.

Nangondo_22
Funso lomaliza. Nkhani ija yoti ali mwana ankaombera puck m'makina oumitsira zovala ndi yoona?

Namondwe
Makinawo alipodi, ophwanyikaphwanyika, anakawaika ku Nova Scotia Sport Hall of Fame ku Halifax. Koma sankaloza mmenemo. M'chipinda cha pansi pa nyumba yawo munali golo, makinawo anali pafupi nalo. Mabala onse aja ndi a puck zimene anaphonya.